Kodi chiperoni, mwera ndi mvula ya dzinja zimachokera kuti kwenikweni?

Mphunzitsi wa ku Thyolo analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Thyolo, ndipo sabata yatha, tili pa phunziro la zanyengo, mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa funso limene ndinaliyankha mothamanga kuti belu lindipulumutse, koma mumtima ndinadziwa kuti yankho langa silinakwane. Linali tsiku lachitatu la chiperoni. Nkhungu inali itakuta minda ya tiyi, mawawa akugwa osalekeza, ana atapinda manja m'kalasi chifukwa cha kuzizira. Mtsikanayo anati mayi ake aang'ono amene amakhala ku Nchalo anaimba foni m'mawa womwewo, nanena kuti kwawoko dzuwa likuwala ndipo ayanika chimanga pabwalo. Funso lake linali lakuti zimatheka bwanji kuti malo awiri oyandikana chotere, oti munthu atanyamuka m'mawa akhoza kukadyera nkhomaliro kwinako, akhale ndi nyengo zosiyana motero pa tsiku limodzi.

Buku limene timagwiritsa ntchito limangonena kuti nyengo ya dera imadalira zimpweya zikuluzikulu zimene pa Chingerezi amazitcha air masses, kenako limatchula mayina ake n'kupita pa mutu wina. Ine ndikufuna kumvetsa chimene chimachititsa kuti mpweya, chinthu chosaoneka ndiponso chopanda malire, utchedwe chinthu chimodzi chokhala ndi khalidwe lakelake. Komanso akuluakulu akuno amati chiperoni chimatuluka m'phiri lina la ku Mozambique, ndipo sindikudziwa ngati ndiyenera kuwauza ana zimenezo monga zoona. Amene mukuzidziwa bwino ndikupempha kuti mundithandize.

Wopuma pa Ntchito ku Zomba anayankha kuti:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa chosabisa kuti funso la mwana linakugwirani njakata, pakuti ambiri a ife amene tinagwirapo choko tinkangolembetsa ana tanthauzo la m'buku ife eni tisanalimvetse. Ndiyamba ndi mmene chimpweya chimabadwira, popeza pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Dzuwa silitenthetsa mpweya kwambiri mwachindunji. Kuwala kwake kumadutsa n'kukatenthetsa nthaka kapena madzi, ndipo nthakayo kapena madziwo ndi amene amatenthetsa mpweya umene wawakhudza. Chinyezi nachonso mpweya umachitenga pansi pomwepo. Choncho mpweya ukakhazikika masiku angapo, mwina sabata kapena kuposerapo, pamwamba pa malo aakulu ofanana, popanda mphepo yamphamvu youvundula, umatengera khalidwe la malowo, monga momwe malaya amene agona m'khitchini amadzukira akununkha utsi. Umene wagona pa chipululu cha Sahara kapena cha Kalahari umakhala wouma, umene wagona pa Siberia m'nyengo ya chisanu umakhala wozizira koopsa ndiponso wouma, umene wagona pa nyanja yofunda umadzaza nthunzi, pamene wa pa nyanja yozizira ya kufupi ndi Antarctica umakhala wozizira koma wachinyezi. Chimpweya chimodzi chikhoza kutambalala makilomita mazanamazana ngakhale zikwi, ndipo chikanyamuka chimapita ndi khalidwe lakwawo kulikonse kumene chalowera. Katswiri wa ku Sweden, Tor Bergeron, amene ankagwira ntchito ndi gulu la Vilhelm Bjerknes mumzinda wa Bergen ku Norway, ndiye anakhazikitsa mu 1928 kagawidwe ka zimpweyazi potengera kumene zabadwira, ndipo mayina amene ali m'buku lanuwo anachokera kumeneko. Dziko lathu ndi laling'ono, lodzaza ndi mapiri ndi zigwa, motero palibe chimpweya chimene chimabadwira kuno. Ife ndife olandira alendo basi.

Tsono za chiperoni. Phirilo liliko ndithu, dzina lake ndi Chiperone, lili m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, chakum'mwera kwa Milange, ndipo ndi lalitali kuposa mamita 2,000. Anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo ankaona mitambo ikubwera kuchokera mbali ya phirilo ndipo anaipatsa dzina lake, zimene si kulakwa ayi, koma phiri ndi njira chabe imene mlendoyo amadzera. Kwawo kwenikweni ndi kutali, pa nyanja zozizira za kum'mwera kwa South Africa. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, madera a mpweya wolemera, kutanthauza malo amene mpweya umatsika kuchokera m'mwamba n'kupanikiza pansi, amadutsa kum'mwera kwa Africa kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Kum'mwera kwa equator mphepo imazungulira dera lotere mosemphana ndi mivi ya wotchi, ndiye likafika cha kugombe la Durban ndi Maputo limakankhira mpweya wozizira uja kumpoto, kudutsa pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Madzi a pamenepo ndi ofunda, choncho mpweyawo umamwa nthunzi yambiri m'munsi mwake usanalowe kumtunda kudzera cha ku Beira ndi Quelimane.

Ukafika pa mapiri ulibe kolowera, umakwera. Mpweya ukamakwera umafutukuka n'kuzizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse ngati sunayambe kupanga mitambo. Ndipo mpweya wozizira sungasunge nthunzi yambiri: pa madigiri 30 mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ukhoza kusunga pafupifupi magalamu 30 a madzi, koma pa madigiri 10 umangosunga pafupifupi magalamu 9. Yotsalayo imasanduka timadontho, ndiye nkhungu ndi mawawa amene ana anu anali kunjenjemera nawo. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pamene Nchalo safika ngakhale mamita 100. Mpweya umene wadzera m'chigwa cha Shire sukumana ndi choukweza, ndipo umene wadutsa pamwamba pa Thyolo umatsika mbali inayo utataya kale gawo la madzi ake, n'kumafunda pamene ukutsika, mwakuti mitambo imasungunuka. N'chifukwa chake mayi aang'ono aja anayanika chimanga. Zomwezo zimachitika pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi ya mamita 3,002: mbali yoyang'ana kum'mwera, kumene kuli tiyi, imanyowa kwambiri, pamene chigwa cha Phalombe chimene chili kuseri chimakhala chouma.

Mwina mwana wina adzafunsa chifukwa chimene chiperoni sichibwera ndi mabingu. Mpweya wachinyeziwo ndi wochepa msinkhu, ndipo pamwamba pake pamakhala mpweya wouma wofundirapo umene ukutsika, womwe umauvundikira ngati chivundikiro cha mphika. Mitambo imalephera kukula kupita m'mwamba, imangoyala m'mbali, ndipo mtambo woyala subala mphezi.

Mwana wa Msodzi ku Nkhata Bay anayankha kuti:

Bambo a ku Zomba afotokoza bwino, koma ndikupempha kuwonjezerapo za kunyanja, chifukwa mlendo amene ku Thyolo mumamutcha chiperoni, ife akatipeza timamutcha mwera, ndipo kwathu sabwera mofatsa. Ndili mwana, bambo anga akamva pa wailesi kuti ku Blantyre kwayamba chiperoni, ankakokeratu bwato kumtunda, chifukwa ankadziwa kuti posakhalitsa nyanja ilusa. Nyanja yathu inagona chotalika kuchokera kum'mwera kupita kumpoto, mtunda woposa makilomita 550, pakati pa mapiri mbali zonse ziwiri, motero mphepo yochokera kum'mwera imayenda m'chigwa chimenechi ngati mumpopi popanda choitchinga, ndipo mafunde amanka nakula pamene akupita kumpoto. Anthu akwathu sanaiwale sitima ya Vipya, imene inagubuduzika pa mphepo yamkuntho pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi malo amene atsamunda ankawatcha Florence Bay, kumunsi kwa Livingstonia, ndipo anthu 145 anafera pomwepo. Mpaka lero nthambi yoona zanyengo ikachenjeza za mwera, msodzi wanzeru amasoka ukonde pagombe m'malo mopita kukakoka usipa.

Komabe mwera si mdani yekha. Pamene ukukankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto kwa miyezi ingapo, kum'mwera kwa nyanja madzi ozizira a pansi amakwera kudzatenga malo, atanyamula chakudya chimene tizomera tating'onoting'ono ta m'madzi timakulira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbali ya Mangochi imakhalira ndi nsomba zambiri.

Pali mfundo imodzi ya bambo a ku Zomba imene ndikufuna kuiwongola pang'ono mwaulemu. Iwo ati ife ndife olandira alendo basi, koma ine ndikuona kuti mlendoyo timamusinthako asanapitirire. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa ikadutsa pa nyanja yathu imamwanso nthunzi, kenako imakumana ndi mapiri a Viphya n'kukwera, ndipo n'chifukwa chake ku Nkhata Bay mvula imagwabe mu Epulo ndi Meyi pamene ku Lilongwe anthu ayamba kale kukolola. Tiyi wa ku Kawalazi, mitengo ya labala ya ku Vizara ndi chinangwa chathu zimadalira chinyezi chimenechi. Munthu akangodutsa mapiriwo kulowa ku Mzimba kapena ku Rumphi amapeza dziko louma. Ndionjezerenso kuti makolo athu anazidziwa mphepozi kalekale, pakuti mawu amene timatchulira mbali za dziko, kumpoto, kum'mwera, kuvuma ndi kuzambwe, ndi mayina omwewo a mphepo zimene asodzi amaziwerenga pa madzi: mpoto, mwera, vuma ndi zambwe.

Mphunzitsi wa ku Thyolo analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndipo chitsanzo cha chivundikiro cha mphika ndichitenga monga chilili. Komabe yankho lanu landidzutsira funso lina. Ngati nyanja yamchere ili kum'mawa kwathu, ndipo mphepo yochokera kumeneko imangotipatsa mawawa, nanga mvula yeniyeni ya dzinja, yodzaza mitsinje ija, madzi ake amachokera kuti? Ndimamva olengeza zanyengo akunena kawirikawiri mu Disembala ndi Januwale kuti mvula igwa chifukwa cha mpweya wochokera ku Congo, koma ndikayang'ana pa mapu, pakati pa ife ndi Congo palibe nyanja yamchere, pali Zambia yokha.

Wopuma pa Ntchito ku Zomba anayankhanso kuti:

Choyamba ndivomere kuti achimwene a ku Nkhata Bay andiwongola moyenera. Chimpweya chikangochoka kwawo chimayamba kusintha malinga ndi malo amene chikudutsa, ndipo nyanja yaikulu ngati yathu imachisintha ndithu.

Aphunzitsi, mpweya wa ku Congo uli ndi ulendo wautali kuposa mmene dzina lake likumvekera. Gawo lalikulu la mpweyawo limayambira pa nyanja ya Atlantic, n'kulowa kumtunda cha kugombe la Gabon, Congo ndi kumpoto kwa Angola, kenako limayenda pamwamba pa nkhalango ya chigwa cha mtsinje wa Congo. Mitengo ya m'nkhalango imeneyo imakoka madzi m'nthaka n'kuwatulutsira m'masamba tsiku lililonse, mwakuti mpweya wodutsa pamenepo umadzaza nthunzi ngati kuti wadutsa pa nyanja. Kusiyana kwake ndi mpweya wa chiperoni n'kwakuti uwu ndi wofunda, ndipo chinyezi chake chimafika kutali m'mwamba popanda chivundikiro chija.

Chimene chimaukokera kuno ndi kutentha kumene timadandaula nako mu Okutobala. Cha kumapeto kwa mwezi umenewo ndi kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni pa dziko lathu, nthaka youma ya Zambia, Angola, Botswana ndi kuno imatentha kwambiri, mpweya wa pamwamba pake umapepuka n'kukwera, ndipo zimpweya zoyandikana zimathamangira kudzadzaza malowo. Zimabwera zitatu: cha ku Congo kuchokera kumpoto chakumadzulo, china kuchokera kumpoto chakum'mawa kudzera ku Tanzania, ndi chija cha kum'mwera chakum'mawa chochokera ku nyanja yamchere ya India. Pamene zakumana palibe kothawira koma m'mwamba, ndipo lamba wa malo okumanirawo ndi amene a zanyengo amamutcha ITCZ. Mpweya wachinyezi ukayamba kukwera, nthunzi imene ikusanduka madzi imatulutsa kutentha kumene inasunga, kutenthako kumaupepukitsanso mpweyawo, ndipo mtambo umadzikweza wokha mpaka makilomita oposa 10. M'mitambo yotere ndimo mumabadwira ziphaliwali, mabingu ndi matalala.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mlimi ayenera kusamala. Chizimalupsa nthawi zambiri chimakhala mvula ya mtambo umodzi wobadwa ndi kutentha kwa masana, zimpweya zija zisanakhazikike, ndipo amene wathamangira kubzala pa mvula imeneyo amadzabzala kachiwiri. Mvula yobzalira ndi imene imabwera mpweya wachinyezi utakhala pamwamba pathu masiku otsatizana. Ndipo lamba uja sakhala malo amodzi. Akasunthira kumpoto, kapena mpweya wouma wolemera ukakhazikika m'mwamba cha ku Botswana n'kutambalala kufika kuno, timapeza ng'amba pakati pa dzinja ngakhale kuti mitambo ikuoneka. Zimenezi zinachitika mu Febuluwale 2024, chaka cha El Niño (kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza kagwedwe ka mvula), pamene chimanga chinafota m'chigawo cha kum'mwera ndi mbali zina za chigawo chapakati chikuyamba kumasula, mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Namondwe ndi nkhani ina ndithu, chifukwa iye amabadwira m'kati mwa chimpweya chimodzi chofunda pa nyanja imene madzi ake afika madigiri 26 kapena 27. Komabe phunziro la mapiri lija limagwirabe ntchito. Namondwe wa Freddy, amene anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, atalowa mu Mozambique kachiwiri, cha ku Quelimane, pa 11 Malichi anakankhira mpweya wodzaza madzi pa mapiri omwewo amene chiperoni chimakwera, ndipo malo amene anagumuka kwambiri anali m'mphepete mwa mapiri a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Soche.

Namwino wa ku Leeds anayankha kuti:

Ndawerenga zonsezi ndi chidwi, ndipo ndikufuna kuthandizako ndi zimene ndaona kunja, popeza ndinagwirako ntchito ku Cape Town ndisanabwere ku Britain. Kwathu zimpweya zimene zimakumana m'dzinja zonse ndi zofunda, zimangosiyana chinyezi, koma kumayiko akutali ndi equator kumakumana chimpweya chofunda ndi chozizira, ndipo ziwirizi sizisakanikirana msanga. Chozizira, pokhala cholemera, chimalowa pansi pa chofunda ngati chitsulo chong'ambira chipika, n'kuchikweza, ndipo mvula imagwa motsatira mzere wa malire awo. Akatswiri a ku Bergen amene bambo a ku Zomba awatchula anatcha malire amenewa front, kutengera mizere imene asilikali ankayang'anizana pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inali itangotha kumene. Ku Cape Town mvula yambiri imagwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti chifukwa cha malire oterewa ochokera ku Atlantic, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mpweya wozizira umene umatsatira kumbuyo kwa mvula ya ku Cape ndi womwewo umene patapita masiku ochepa umakafika ku Thyolo ngati chiperoni. Anzathu a ku Zimbabwe amaulandiranso cha ku Masvingo ndi Chipinge, ndipo iwo amautcha guti. Nthawi zina umakhala wamphamvu mwakuti umakwera mpaka ku Johannesburg, monga pa 10 Julayi 2023 pamene chipale chofewa chinagwa mumzindawo.

Kuno ku Britain ofesi yawo ya zanyengo, Met Office, imawerenga mitundu isanu ndi umodzi ya zimpweya zimene zimafika pa chilumbachi, ndipo n'chifukwa chake munthu amatuluka m'nyumba kuli dzuwa n'kubwerera atanyowa. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 mpweya wa ku Siberia unabwera kuchokera kum'mawa, unamwa chinyezi pa North Sea monga momwe mwera umachitira pa nyanja yathu, ndipo chipale chinatseka misewu ndi sukulu. Pa 19 Julayi 2022 kunabwera mpweya wotentha wochokera kum'mwera, ndipo ku Coningsby anayeza madigiri 40.3, kutentha kumene munthu wa ku Nsanje sangadabwe nako koma kuno kunali koyamba.

Aphunzitsi, ngati n'kotheka, mangani kansalu pa nsungwi yaitali pabwalo la sukulu, ndipo ana azilemba m'mawa uliwonse mbali imene mphepo yachokera ndi mmene kumwamba kulili, kuyambira tsopano mpaka Disembala. Mtsikana ujanso apemphe mayi ake aang'ono a ku Nchalo kuti azimuuza za kwawoko masiku omwewo, kuti adzaike mizere iwiriyo pambali pa inzake pa bolodi.